Temwa, Ukafika ku Joni Ukayezetse Shuga

Temwa mwana wanga,

Ndikulemba kalatayi masana ano iwe uli kwa ankhazi ako, alongo awo a adada ako, ku Champhira kokatsanzika. Zikwama zako zaima kale pakhomo la chipinda, ndipo adada ako akungozizungulira ngati pali china chimene angakonzepo. Mawa ukukwera basi ya ku Joni kukapeza mwamuna wako Vitumbiko, ndipo ukupita uli ndi pakati pa miyezi inayi. Za banja anakulangiza kale amayi a kumpingo nthawi ya ukwati, sindibwereza. Ine ndili ndi nkhani imodzi yokha, ya shuga. Ndikudziwa kuti ndikaiyamba pamaso uzindiseka kuti aphunzitsi ayamba phunziro la sayansi, nchifukwa chake ndalemba. Uwerenge uli m'basi, mmene sungandidule mawu.

Si nkhani yokuopseza. Ndi funso limene linandikhala m'mutu kuyambira tsiku limene unabadwa, ndipo yankho lake, ngakhale silinafike lonse, likukhudza iwe ndi mwana amene wanyamulayo.

Nditachoka kwathu ku Dedza kudzaphunzitsa kuno kumpoto, ananditumiza pa sukulu ina ya kumudzi kufupi ndi Champhira. Nkumene ndinakumana ndi adada ako. Mimba ya mlongo wako Chimango inandipeza tikukhala kwa agogo ako, kutali ndi sukulu. M'mawa ndinkatsika dambo nkukwera chitunda, pobwerera chimodzimodzi, mimba ili patsogolo. Chakudya chinali chimene chapezeka: mgaiwa, nyemba, nkhwani, mwa apo ndi apo usipa. Chimango anabadwa wamtali, wopyapyala, ndipo mpaka lero ukumudziwa, amadya ngati anthu atatu koma lamba amachita kuwonjezera mabowo.

Mimba yako inabwera m'chaka chabwino. Anali atatipatsa nyumba ya aphunzitsi yoyang'anizana ndi kalasi yanga, moti kuyenda kunatheratu. Fodya wa adada ako anachita bwino, ndipo bambo aja anafuna kuti mudzi wonse uone kuti mkazi wawo akusamalidwa. Akapita ku Jenda ankabwera ndi buledi, shuga ndi mabotolo a zakumwa zoziziritsa kukhosi atamangirira pa njinga. Agogo ako ankatumiza chigubu cha chindongwa, thobwa lakuno lija, lotsekemera bwino. Asibweni awo a adada ako a ku Luwawa anabweretsa uchi. Ndikanena kuti ndakhuta, agogo ako ankandiyang'ana ndi diso lakuthwa nkuti, "Ryani, mkamwana, mwana wakure." Ndipo ine ndinkadya mosangalala. Usaganize kuti ankandikakamiza ndi chikwapu.

Miyezi itapitako ndinayamba kumva ludzu losatha. Ndinkamwa madzi, kumwanso, kenako nkumatuluka m'kalasi pafupipafupi mpaka ana anazolowera kupitiriza okha kuwerenga. Chimene chinandidabwitsa kwambiri ndi nyerere. M'bafa lathu la udzu zinkasonkhana pamene ndataya madzi. Ndinaziyang'ana kangapo nditagwira m'chiuno, nkudzifunsa kuti zapezapo chiyani. Nditawauza adada ako anaseka nkuti, "Nazonso zikudziwa kuti m'nyumba muno muli mkazi wokoma." Ku sikelo ya kumudzi masiku amenewo ankatiyeza kulemera, kuthamanga kwa magazi ndi kumvera mtima wa mwana. Za shuga palibe anazitchula, inenso za nyerere ndinachita nazo manyazi. Temwa, chilichonse chachilendo chimene uone m'thupi mwako, ukachinene ku sikelo ngakhale chikhale choseketsa.

Tsiku lako litafika, matenda anayamba bwinobwino koma iwe osatsika. Azamba anayesetsa, kenako anati, "Mwanayu ndi wamkulu, tikutumizani ku boma." Ananditengera ku chipatala chachikulu kuno ku Mzimba, msewu uli ndi mabampu oti mpaka lero ndimawakumbuka, ndipo unabadwa pa opaleshoni. Unapitirira makilo anayi. Masaya, manja, ntchafu, zonse zinali zopindikapindika. Koma pasanapite nthawi unayamba kunjenjemera timanja, osafuna kuyamwa. Namwino anakubaya kuchidendene, nayang'ana pa kamakina kake nkuti, "Shuga wa mwanayu watsika, tiyeni ayamwe msanga." Anathandizana nane mpaka unagwira bere, ndipo unakhala bwino. Ine ndinagona pabedi lija chilonda chikuwawa, mutu uli pa chinthu chimodzi: mwana wonenepa chonchi, shuga amusowa bwanji? Ndinafuna kufunsa koma m'wodi munali amayi ambiri ndipo namwino anali atathamangira kwina.

Titafika kumudzi kunali chikondwerero. Agogo ako anakunyamula nkukukweza m'mwamba, nati, "Uyu ndiyo mwana! Ngwakututuŵa chomene!" kunena kuti ndiwe wonenepa kwambiri. Ku sikelo ya ana amayi ankachita kubwera kudzakugwira ntchafu, ena nkumandifunsa chimene ndimakudyetsa. Kuno anthu aona ana ambiri akunyentchera, choncho mwana wojintcha ndi ulemu wa banja. Ine sindiwanena, nanenso ndinkanyadira.

Koma unakula, mafuta a ukhanda aja osachoka. Apa mpamene chidwi changa chinakulira. Iwe ndi Chimango munkadyera mbale imodzi, ndipo ndinkaona ndi maso anga kuti iye ndiye amatha chakudya. Kumjigo munkapita limodzi. Mpira wa manja unkasewera kuposa anzako. Nanga kusiyanaku kunkachokera kuti? Aliyense anali ndi yankho lake. Ankhazi ako ankati watengera agogo awo aakazi amene ankalephera kulowa pakhomo la nkhokwe. Mphunzitsi mnzanga ankati ana aakazi ndi mmene amakhalira. Amayi ena kumpingo ankati mwana wa mphunzitsi sangaonde. Ine ndinkamvera onsewo, mtima osakhutira, chifukwa Chimango nayenso anali mwana wa mphunzitsi yemweyo ndiponso mdzukulu wa agogo omwewo.

Yankho linayamba kubwera mochedwa, ndi mimba ya mng'ono wako Lusekelo. Apo nkuti atandisamutsira ku sukulu ya kuno ku boma, iwe uli kale mtsikana wa ku pulayimale. Ku sikelo ndinapeza namwino wina wochokera ku Mulanje, Mayi Matiki, munthu wosafulumira poyankhula. Anandifunsa za ana anga oyamba. Nditatchula kulemera kwako anasiya kulemba nkundiyang'ana.

"Munayezedwapo shuga muli ndi pakati?"

"Ayi. Ine sindidwala shuga."

"Ulipo shuga wina amene amabwera ndi mimba, aphunzitsi. Mimba ikafika miyezi isanu ndi umodzi mudzabwere m'mawa musanadye kanthu."

Ndinapita. Anandibaya chala, nkundipatsa madzi otsekemera kwambiri oti ndimwe onse, nkundiuza kuti ndikhale pabenchi ndisayendeyende. Patapita nthawi anandibayanso. Shuga anali wokwera. Pamenepo ludzu lija ndinali ndisanayambe nkomwe kulimva. Ukumbuke zimenezi, Temwa: amayi ambiri samva chilichonse. Usadikire ludzu kapena nyerere.

Mzere wa amayi utatha ndinabwerera kwa Mayi Matiki ndi mafunso anga onse a zaka zija. Anaseka nkuti, "Inu mukadakhala namwino." Kenako anandifotokozera pang'onopang'ono. Anati mayi akakhala ndi pakati thupi lake limavutikirapo kutsitsa shuga m'magazi, ndipo kwa ena limalephera. Shuga wochulukayo amadutsa pa mchombo kupita kwa mwana. Mwanayo ali ndi kapamba wakewake, ndipo kapambayo amayamba kugwira ntchito mwamphamvu kuti achotse shuga m'magazi. Poti mwana m'mimba salima kapena kuthamanga, thupi lake limasandutsa shugayo mafuta nkusunga.

"Nanga bwanji wanga atabadwa anati shuga wamutsikira?" ndinafunsa.

"Chifukwa mchombo unadulidwa. Shuga wa inu anasiya kubwera, koma kapamba wake anali asanamve uthenga, anapitiriza kuchotsa."

Temwa, ndinaomba m'manja m'chipinda chija ngati mwana amene wakhoza samu yovuta. Funso limene ndinagona nalo pabedi la chipatala linayankhidwa m'mawu ochepa chonchi.

Koma ndinali nalo lina. "Nanga akamakula?"

Apa anayankha mosamala. Anati ana obadwa pa mimba ya shuga wokwera kawirikawiri amapezeka ndi mafuta ambiri m'thupi akamakula kuyerekeza ndi anzawo, ngati kuti thupi linazolowera kusunga lisanaone dzuwa. Anati zimaonekanso pang'ono ngakhale kwa amayi amene shuga wawo anangokwererapo osafika poti nkutchedwa matenda. Nditafunsa ngati ndi onse, anapukusa mutu. "Si onse. Pali za kumtundu, pali zakudya za pakhomo, pali kusewera kwa mwanayo. Kuzisiyanitsa nkovuta. Ndipo mimba ya mwana wanu uja sitinaiyeze, ndiye sindinganene motsimikiza. Ndingoti zikufanana nazo." Nanenso ndikukuuza chimodzimodzi. Sindikudziwa motsimikiza. Koma ndikaphatikiza ludzu lija, nyerere zija, kulemera kwako ndi kunjenjemera kwa timanja tako, mtima wanga umandiuza kuti ndi zomwezo.

Madzulo ake ndinawafotokozera adada ako. Atamvetsera anati, "Mbwenu zili ngati nazale ya fodya. Ukathira fetereza wambiri mbande zimakula msanga, zonona, aliyense wodutsa nkumayamikira, koma mlimi amadziwa kuti zapyola." Kenako anawonjezera ndi mawu otsika, "Ndiye mabotolo aja ndinkanyamula pa njinga aja..." Ndinawauza kuti asiye zimenezo. Ankachita zimene mwamuna wachikondi ankadziwa. Ndatchula zimenezi chifukwa Vitumbiko nayenso adzafuna kuonetsa chikondi. Amene amabwera kuchokera ku Joni amatiuza kuti kumeneko tchipisi, nkhuku yokazinga, buledi woyera ndi zakumwa za m'mabotolo akuluakulu zili pakhomo penipeni. Vitumbiko wakhala yekha miyezi yonseyi, adzafuna kukusangalatsa ndi zimenezo tsiku ndi tsiku. Usamukalipire. Umukhazike pansi, umufotokozere monga ndakufotokozera, ndipo ngati angathe apite nawe ku sikelo akamve yekha. Mwamuna akamvetsa chifukwa chake amasanduka mlonda woposa iwe mwini. Adada ako anafika pobisa shuga pamwamba pa kabati.

Tsopano umve mmene ndinapyolera mbali inayo. Nditamva kuti chakudya changa chikunenepetsa mwana m'mimba, ndinaganiza mwa nzeru zanga kuti mankhwala ake ndi kusadya. M'mawa ndinkamwa madzi otentha okha. Masana masamba pang'ono. Tsiku lina ndikulemba pa bolodi ndinaona zilembo zikuvina, ndipo podzidzimuka ndinali pansi, atsikana a m'kalasi akundikupiza ndi makope, mmodzi akulira kuti aphunzitsi afa. Mayi Matiki atamva sanaseke. "Ndinati musinthe kadyedwe, sindinati musale. Mwanayo akufuna chakudya kuti akule ubongo ndi mafupa." Ndiye nawe, Temwa, ndikudziwa kuti thupi lako wakhala ukulimbana nalo kuyambira ku sekondale. Ino si nthawi yofuna kuonda. Usadzimane chakudya, ndipo mankhwala a m'mabotolo amene amagulitsa m'mabasi ndi m'misika, oti amasungunula mafuta kapena kuchotsa shuga, usawayandikire.

Chimene chinandithandiza chinali chosavuta kunena koma chofuna khama. Ndinkadya pang'onopang'ono kangapo pa tsiku m'malo mokhuta kamodzi. Ufa woyera ndinausiya nkubwerera ku mgaiwa, mtanda wochepa, ndiwo zambiri: nyemba, mazira, usipa, mpiru wotendera. Chipatso ndinkadya chimodzi, osati mbale yonse ya mango. Tiyi wopanda shuga anandiwawa mlungu woyamba, kenako lilime linazolowera. Ndikatha kudya ndinkayenda, kuzungulira bwalo la sukulu kapena kutsikira kumsika nkubwerera. Ku sikelo sindinkaphonya. Kwa ine zimenezi zinakwanira. Mayi wina amene tinkakhala naye pabenchi, mkazi wa wapolisi wochokera ku Zomba, anachita zonsezi koma shuga osatsika, ndipo anamupatsa jakisoni wodzibaya yekha. Analira tsiku loyamba, koma anachira bwinobwino mwana wamwamuna. Akakakuuza kuti ukufunika mankhwala, usaone ngati walephera. Ulandire.

Nkhondo inali ndi agogo ako. Atabwera kudzationa kuno ku boma nkuona mbale yanga, anaika manja kumutu. "Mukukoma mwana na njala!" anatero, kutanthauza kuti ndikupha mwana ndi njala. Chigubu cha chindongwa chimene ananyamula ulendo wonse chinamwedwa ndi iwe ndi Chimango. Lusekelo atabadwa, wa thupi lapakatikati, wamphamvu, woyamwa bwino, agogowo anamuyang'ana nkudandaula kuti wachepa, nati, "Kachoko waka." Sindinakangane nawo. Ndinangoti, "Yewo, amama, akula." Kumene ukupitako upezanso amayi a kuno kwathu amene adzakuuza kuti mimba yako ndi yaing'ono kapena kuti udye kwambiri. Uwayankhe mwaulemu, koma umvere a ku sikelo.

Usaganize kuti nkhaniyi imayenda molunjika ngati mzere wa pa bolodi. Kuyambira nthawi imeneyo ndakhala ndikuyang'ana ana a anthu, mwina mopitirira muyeso. Mwana wa mkazi wa wapolisi uja anakula woonda ngati singano. Lusekelo, amene ndinamusamalira chonchija, ukuona wekha kuti chiyambireni kukonda mandasi a pa geti la sukulu masiketi akumuthina. Kodi ndi mandasiwo, ndi mimba, kapena ndi mtundu wathu? Sindikudziwa. Chimene ndaphunzira nchakuti mimba imapatsa mwana poyambira, koma ulendo wonse suthera pamenepo. Gawo limene lili m'manja mwako uligwire, linalo ulisiye.

Shuga wanga anatsika Lusekelo atangobadwa, ndipo ndinaganiza kuti tasiyana. Mayi Matiki anali atandichenjeza kuti amene anakhalapo naye pa mimba amatha kudzamupezanso akamakula, ndiye ndizikayezetsa nthawi ndi nthawi. Shugayo anabweradi, ndipo mapilitsi amene umandiona ndikumwa m'mawa aja ndi a iyeyo. Nchifukwa chake ndikukupempha kuti ukangofika, zikwama zisanamasulidwe zonse, ufunse kumene kuli sikelo ya amayi oyembekezera. Ndikudziwa kuti dziko ndi lachilendo, ziyankhulo ndi zina, ndipo anthu athu ambiri amaopa zipatala za kumeneko mpaka mimba kukula. Iwe Chingerezi umachidziwa. Ukalowe, ukawauze zinthu ziwiri ngakhale asanakufunse: kuti mayi ako ali ndi matenda a shuga, ndiponso kuti iwe unabadwa wamkulu kwambiri. Ukapemphe kuti akuyeze shuga, ndipo akanena kuti ali bwino, ufunse ngati adzakuyezanso mimba ikafika miyezi isanu ndi umodzi. Ukachira ukayezetsenso. Ndabwereza dala, usatope nane.

Vitumbiko akuti mukakhala m'chipinda chimodzi, iye nkumachoka m'mawa kubwera madzulo. Kuno unazolowera kuyenda osadziwa kuti ukuyenda: kumsika, kuchigayo, kumpingo. Kumeneko ukhoza kutha tsiku lonse pabedi ndi foni m'manja. Upeze mnzako wodalirika wa pafupi, muziyenda limodzi masana kumene kuli kotetezeka. Ngakhale m'basi mawa, ikaima utsike uwongole miyendo, ndipo umwe madzi, osati za m'mabotolo amitundumitundu zija.

Mwana akadzabadwa umuyamwitse mwakathithi miyezi yoyambirira monga adzakuuzire. Akayamba phala usathiremo shuga kuti adye msanga, ndipo tiyi si chakudya cha khanda. Akatembenuza mutu kuti wakhuta, umukhulupirire. Ku sikelo akamuika pa muyezo, usapikisane ndi mayi wa pambali pako.

Ndili ndi pempho langa la uphunzitsi. Kumeneko mwina ukakumana ndi madokotala odziwa zimene ife kuno sitinazimve. Ukandifunsire izi: kodi mayi akasamala bwino shuga wake pa mimba, mwana amapulumukiratu ku mafuta aja akamakula, kapena zimangothandiza pobadwa? Mayi Matiki anati za pobadwa nzodziwika, koma za kutsogolo anthu akufufuzabe. Anabwerera kwawo ku Mulanje asanandipatse yankho. Ukalimva unditumizire pa foni, ngakhale likhale lalitali.

Chotsiriza ndi ichi. Uli mu Sitandade 4 unabwera kunyumba tsiku lina osadya, nkukakhala kuseri kwa khitchini. Anyamata a m'kalasi mwako anali atakupatsa dzina loti Chilole, akuti ukufanana ndi malole a matabwa a ku Chikangawa, ndipo ukamadutsa ankaliza hutala ndi pakamwa. Nditakupeza sunalire. Unandiyang'ana nkufunsa kuti, "Amama, ine ndinalakwa chiyani kuti ndikhale chonchi? Chimango amadya kuposa ine." Ndinakupukuta kumaso nkukuuza kuti ndiwe wokongola, zimene zinali zoona, koma funso lako sindinaliyankhe chifukwa yankho ndinalibe. Lero ndikuyankha. Sunalakwe kanthu, mwana wanga. Sunali wadyera kapena waulesi. Thupi lako linalandira zochuluka lili m'mimba mwanga ndipo linachita chanzeru chimene linkadziwa, linasunga. Thupi lomwelo ndi limene lanyamula mdzukulu wanga lero, ndipo ndikulikhulupirira. Nawenso ulikhulupirire, ulidyetse bwino, uliyendetse, ukaliyezetse. Mwanayo akadzabwera wonenepa kapena woonda, tsiku limene adzakufunse za thupi lake iwe udzakhala ndi chomuuza.

Mulungu akutsogolere pa msewu wautaliwo. Wende makora, Temwa.

Ndine amama ako.